Nkhuyu ziwiri, dzenje limodzi: Black Mission ndi Brown Turkey

Munthu amene ali ndi malo a mtengo umodzi wokha kuseri kwa nyumba, mtima wake n'kukhala pa mkuyu, akayamba kufunsafunsa kunazale ndi kwa odziwa za zipatso amamva mayina awiri akubwerezedwa: Black Mission ndi Brown Turkey. Onsewa ndi mitundu ya mtengo umodzi umene akatswiri a zomera amautcha Ficus carica, mkuyu wolimidwa wa kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, m'bale wake wa mkuyu wathu wa m'mphepete mwa mitsinje ndi kachere wa pabwalo la mfumu. Woyamba adatchuka ndi kukoma, wachiwiri adatchuka ndi kusagwiritsa mwala. Woyamba amamutama ndi amene adya, wachiwiri amamutama ndi amene alima. Wodya ndi wolima akadakhala anthu awiri, aliyense akadatenga wake, mkangano n'kuthera pomwepo. Koma pakhomo wokumba dzenje ndi yemwenso adzathyole chipatso, ndiye ayenera kumva mbali zonse ziwiri asanakweze khasu.

Mbiri ya Mission ndi yosavuta kuilondola. M'chaka cha 1769 ansembe a gulu la Franciscan ochokera ku Spain, motsogozedwa ndi Junípero Serra, adakhazikitsa mishoni ku San Diego, yoyamba mwa mishoni 21 zimene zidandandalika m'mbali mwa nyanja ku California. M'minda ya mishonizo adabzalamo mphesa, maolivi ndi mkuyu wa zipatso zakuda umene makolo ake anali ku Spain, ndipo anthu a kumeneko adangoutcha mkuyu wa kumishoni. Mpaka lero alimi a m'chigwa cha San Joaquin, cha ku Fresno ndi Madera, akulima mtundu womwewo, nthambi kuchoka pa mtengo kukakhala mtengo wina, kwa zaka zoposa 250.

Mbiri ya Brown Turkey njopiringizika. Dzinali likuloza ku Turkey, dziko limene limakolola nkhuyu zambiri kuposa lina lililonse, koma nkhuyu zouma za ku Aydın zimene dzikolo lidatchuka nazo ndi za mtundu wina, Sarılop. Ira Condit wa ku University of California, amene mu 1955 adasindikiza kaundula wa mitundu ya nkhuyu yoposa 700, adaonetsa kuti dzina limodzili likusenzedwa ndi mitengo yosiyana. Ulipo wa ku England, wa zipatso zapakatimpakati, wopirira kuzizira, umene umalimidwanso kummwera chakum'mawa kwa United States. Ulipo wina wa ku California, wa zipatso zikuluzikulu, umene Condit adati ndi San Piero wa ku Italy wongosintha dzina. Choncho anthu awiri akhoza kuchezera usiku wonse, wina akuti Brown Turkey ndi wokoma, wina akuti ndi madzi okhaokha, onse akunena zoona, chifukwa aliyense akunena mtengo wake. Wogula Mission amadziwa kawirikawiri chimene wagula, ngakhale kuti si nkhuyu yakuda iliyonse imene ili Mission, ndipo manazale ena sachita manyazi kumata dzinali pa mbande iliyonse yobala zakuda. Wogula Brown Turkey ayenera kufunsanso kachiwiri kuti Brown Turkey wake uti.

Tisanawasiyanitse, tione pamene akufanana, pakuti mpamene pagona chifukwa chimene onse awiri ali oyenera pakhomo. Nkhuyu si chipatso monga bango kapena gwafa. Ndi kathumba kamene maluwa ake mazanamazana ali mkati, ndipo khomo lolowera ndi limodzi, kabowo ka kunsi kamene alimi amakatcha diso. Kuthengo, mtundu uliwonse wa mkuyu uli ndi timavu take tating'onoting'ono timene timalowa pa disolo titanyamula mungu, n'kuikira mazira mkati. Akuluakulu amene adati chikomekome cha nkhuyu mkati muli nyerere adayang'anitsitsa: aliyense amene adabenthulapo nkhuyu ya kudambo adaona tizilombo tikuyendayenda, ndipo tambiri mwa ito ndi timavu timeneti. Mitundu ina ya mkuyu wolimidwa, monga Sarılop uja, siingakhwimitse chipatso popanda kamavu kake kotchedwa Blastophaga psenes. Alimi a ku California adabzala mitengo ya mtunduwo n'kumangoona zipatso zikuyoyoka zosapsa chaka ndi chaka, kufikira timavuto titabweretsedwa ndi kukhazikika kumeneko mu 1899. Timavu ta mkuyu wathu sitingagwire ntchito imeneyi pa mkuyu wachilendo. Aliyense ndi mtengo wake. Mission ndi Brown Turkey alibe nazo ntchito zonsezi. Amabereka popanda mungu, popanda mavu, popanda mtengo wachiwiri pafupi. Khalidweli ndi lakalekale: mu 2006 ofukula zakale adalengeza kuti adapeza nkhuyu zobereka popanda mungu ku Gilgal, m'chigwa cha Jordan, za zaka pafupifupi 11,400 zapitazo. Pa mfundo iyi palibe woposa mnzake.

Tsono tifike pakamwa, pamene pali mlandu weniweni. Mission yakupsa imakhala yakuda bii, khungu lopyapyala lochita timing'alu, mnofu wofiira. Brown Turkey yakupsa imakhala yofiirira, yobiriwirako chakukhosi, mnofu wotumbuluka wopita ku pinki. Ya Mission ndi yocheperako koma yothinana mkati. Ya Brown Turkey, makamaka wa ku California, ndi yaikulu yodzaza dzanja, koma nthawi zina pakati pamakhala mphako. Kuzuna kwa Mission nkozama, kumabwera ndi kafungo ndi kakuwawasa kapatalipatali, ndipo kumatsalira pa lilime chipatso chitamezedwa kale. Kuzuna kwa Brown Turkey nkopepuka, kwamadzi ambiri, kumafika msanga n'kuchokanso msanga. Kusiyana kwake kuli ngati kwa uchi ndi nzimbe: zonse nzotsekemera, koma china umanyambita pang'onopang'ono, china umatafuna osawerenga mfundo.

Anthu osonkhanitsa mitundu ya nkhuyu, amene ena mwa iwo amasunga mitengo makumimakumi m'zidebe, amakonda kunyoza Brown Turkey kuti ndi nkhuyu ya oyamba kumene. Mawu awo ali ndi maziko, koma sindiwalandira onse. Nzoona kuti mukaika ziwirizi m'mbale imodzi, zonse zitapsa bwino m'dzuwa lofanana, anthu ambiri dzanja lidzabwerera ku yakuda. Nzoonanso kuti chakudya chozuna kwambiri chimakola msanga, ndipo alipo anthu, ana ndi akulu omwe, amene adzadya Mission ziwiri n'kusiya, koma Brown Turkey adzamaliza lichero. Komanso mbiri yoipa ya Brown Turkey idapangidwa kwambiri m'masitolo. Popeza ndi wamkulu ndi wooneka bwino, ndiye amene amalonda amakonda kum'thyola asanapse kuti apirire ulendo, ndipo anthu ambiri amene amati adalawa Brown Turkey adalawa chipatso chimene chidachotsedwa mumtengo masiku angapo shuga asanalowe.

Apa pali mfundo imene ikhoza kuposa dzina la mtundu. Nkhuyu imakula pang'ono, kenaka imaima milungu ingapo ili yobiriwira ndi yolimba gwa, ngati yaiwala chimene idabwerera, ndiye m'masiku omaliza imafufuma mwadzidzidzi, n'kusintha mtundu, ndipo shuga wake wochuluka amalowa nthawi yomweyo. Mukaithyola isanafike pamenepo imafewa koma siizuna. Si nthochi yoti muvundike. Mu 2010 ofufuza a ku University of California, Davis, motsogozedwa ndi Carlos Crisosto, adasindikiza zotsatira za kafukufuku wa mitundu inayi, Mission, Brown Turkey, Kadota ndi Calimyrna, yothyoledwa pa misinkhu iwiri: msinkhu wa amalonda ndi msinkhu wopsera mumtengo. Anthu olawa adakonda zopsera mumtengo. Tanthauzo lake kwa mlimi wa pakhomo nlakuti Brown Turkey wa kuseri kwa nyumba, wothyoledwa khosi litalefuka, chipatso chitazyolika, phesi losatulutsanso mkaka, akhoza kuposa Mission wa m'sitolo. Koma tisapotoze: Mission wa kuseri kwa nyumba yomweyo, wodikiridwa chimodzimodzi, adzabwezera. Kupsa kumakweza onse awiri, koma denga la Mission lili pamwamba.

Funso tsono nlakuti denga limenelo mudzalifika kangati, ndipo yankho lake lili kumitambo. Mkuyu uwu kwawo mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndipo zipatso zimapsa kunja kuli gwa, dzuwa likuswa mtengo. Ndi mmene zilili ku Spain, ku Aydın, ku California, ndi ku Western Cape, kumene nkhuyu zimapsa kuyambira Januwale mpaka Malichi mvula ili kutali. Ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia, ku Tete, ku Harare ngakhale ku Johannesburg, zinthu nzotembenuka: miyezi yomwe nkhuyu ikufuna kuuma ndi yomwe mvula ili pachimake. Mtengo ukamwa madzi ambiri pamene chipatso chikupsa, shuga amasungunuka, khungu limang'ambika, ndipo madzi ndi tizilombo zikalowa pa diso chipatso chimasasa chili mumtengo, n'kumanunkha ngati masese.

Pa mayeso amenewa aliyense ali ndi pomwe alimba ndi pomwe afooka. Diso la Mission nlaling'ono, ndipo tizilombo timavutika kulowa. Koma khungu lake lopyapyala limaphulika mvula ikagwa motsatizana. Diso la Brown Turkey wa ku California nlotseguka, khomo la tikafadala ndi ntchentche za zipatso. La Brown Turkey wa ku England nlocheperako, ndipo iye ndiye amene alangizi a zaulimi kummwera chakum'mawa kwa United States, kumene chilimwe chimakhala chamvula ndi chinyezi, amamutchula pamodzi ndi mtundu wina wotchedwa Celeste akafunsidwa choyenera kubzala pakhomo. Mission m'ndandanda wawo sakhala patsogolo. Tikayang'ana kapangidwe ka chipatso, Mission akuoneka wotetezeka kuposa Brown Turkey wa diso lalikulu. Tikayang'ana kumene anthu adayesadi kulima mvula ikugwa, umboni wochuluka uli ku banja la Brown Turkey.

Umboni waukulu uli ku Brazil. Tauni ya Valinhos, pafupi ndi Campinas m'chigawo cha São Paulo, imalandira mvula yake miyezi yofanana ndi yathu, ndipo ndi likulu la nkhuyu m'dzikolo. Pafupifupi nkhuyu zonse zamalonda za ku Brazil ndi za mtundu umodzi, Roxo de Valinhos, umene udabwera ndi anthu ochokera ku Italy kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo akatswiri amati ndi San Piero yemwe uja, Brown Turkey wa diso lotseguka. Zimatheka bwanji? Zimatheka ndi thukuta. Alimi amadulira mitengo kwambiri m'nyengo yozizira, kusiya tizitsa tatifupi, kotero kuti mtengo umakhala chitsamba chofikirika ndi manja, chopita mphepo. Amapopera mankhwala a kopa kuletsa chiwawu cha masamba. Amathyola m'mamawa tsiku ndi tsiku, osasiya chakupsa chigone mumtengo, ndipo gawo lina la zokolola amalithyola likadali laliwisi kukaphikira zotsekemera. Phunziro la ku Valinhos lili pawiri. Likusonyeza kuti Brown Turkey amalola kulimidwa kumene mvula imagwa m'chilimwe. Likusonyezanso kuti kusavuta kumene adatchuka nako kuli ndi malire: kumalo amvula, iyenso amafuna mwini wake tsiku lililonse.

Pali njira ina yozembera mvula, ndipo imatifikitsa pa kaberekedwe. Mitundu yonse iwiri imabereka kawiri pachaka kumene nyengo ikulola. Zipatso zoyamba zimatuluka pa nthambi za chaka chatha, mtengo ukangodzuka ku tulo ta nyengo yozizira. Zachiwiri, zomwe ndi zambiri, zimatuluka pa mphukira zatsopano. Zoyamba za Mission zimakhala zochepa koma zikuluzikulu kuposa zachiwiri zake. Zachiwiri ndizo zozuna koposa. Brown Turkey wa ku England amadalirika pa zoyamba, wa ku California amatambasula zachiwiri kwa miyezi ingapo. Kwathu kuno miyezi yotentha ndi youma ndi Sepitembala, Okutobala ndi kuchiyambi kwa Novembala, ndipo zipatso zimene zili ndi mwayi wopsa mvula isanakhazikike ndi zoyambazo. Koma taonani vuto lake: amene akufuna zoyamba sayenera kudula nthambi za chaka chatha, pamene amene akutsata njira ya ku Valinhos amazidula zonse. Simungakhale nazo zonse mokwanira pa mtengo umodzi. Chimene ambiri amachita ndi kugawa: nthambi zina kuzidula, zina kuzisiya, chaka chamawa kusinthanitsa. Ndipo mtengo wonyamula zipatso mu Okutobala umafuna kuthiriridwa, apo ayi umazitaya. Madzi ake akhale a mlingo umodzi, chifukwa ludzu lotsatidwa ndi chigumula ndilo limang'amba khungu.

Kutentha ndi kuzizira kumawagawanitsa momveka bwino koposa. Mission ndi mwana wa dzuwa: akapeza chilimwe chachitali chotentha amapereka zonse zimene ali nazo, akachisowa zipatso zake zachiwiri zimafika nyengo yozizira zikadali zobiriwira. Brown Turkey wa ku England amakhutira ndi zochepa: mtengo wokhwima umapirira chisanu chofika pafupifupi madigiri 10 kunsi kwa ziro, ndipo ngakhale nthambi zitapserera umaphukanso kutsinde. Nchifukwa chake kwa abale athu okhala ku Britain mlanduwu udaweruzidwa kale. Bungwe la Royal Horticultural Society lidapatsa Brown Turkey chizindikiro chake cha Award of Garden Merit, ndipo ndiye mkuyu umene umapezeka kwambiri m'minda ya kumeneko. Amaubzala motsamira khoma loyang'ana kummwera, mizu ataitsekera m'dzenje lotchingidwa kapena m'chidebe kuti mtengo usathere mphamvu m'masamba. Tizipatso tating'ono ngati nsawawa timene timagona pa nthambi nyengo yonse yachisanu ndito timadzapsa mu Ogasiti ndi Sepitembala. Zokulirapo zimene sizidapse amazichotsa. Mission ku Leeds kapena ku Manchester, popanda nyumba yagalasi, ndi mtengo wa masamba. Kumeneko kufunsa kuti wokoma ndani nkopanda pake, poti mmodzi yekha ndiye amafika pakamwa.

Kwathu chisanu choopsa chotero nchosowa, ndiye mwayi waukulu wa Brown Turkey umachepa mphamvu. Chimene chimasowa m'malo ena ndi kuzizira kokwanira kuti mtengo ugone. Kumapiri kumene mapichesi amabereka, monga ku Dedza, ku Tsangano ndi ku Neno, mkuyu umayoyola masamba mu Juni ndi Julayi, n'kudzuka pamodzi, ndipo kaberekedwe kake kamakhala kadongosolo. Koma kutentha kumene Mission amafuna kuti azune kumakhala koperewerako, ndipo nkhungu ndi mvula yamawawa zimakonda kukhalitsa. Kuzigwa zotentha, monga ku Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja ku Salima, dzuwa ndi lokwanira Mission, koma mtengo sugona mokwanira, ndipo dothi lamchenga limasunga tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu, tomwe alimi a fodya ndi tomato amatidziwa bwino. Mitundu yonse iwiri imagwidwa nato. Manyowa ambiri ndi kuphimbira pansi ndi udzu zimathandiza. Kubzala pamene padali tomato chaka chatha ndi kudziputira.

Za kukula kwa mtengo nzachidule. Mission akasiyidwa amakhala chimtengo, mamita 8 ngakhale 10, mthunzi wokhala banja lonse. Brown Turkey kawirikawiri amathera pa mamita 3 mpaka 5, ndipo sadandaula kudulidwa kapena kukhala m'chidebe. Pa puloti ya m'tauni, pamene mpanda wa njerwa, thanki ya chimbudzi ndi mapaipi a madzi zili pafupipafupi, kusiyanaku si kwamasewera, chifukwa mizu ya mkuyu uliwonse imayenda mtunda kusaka chinyezi. Kumudzi kumene bwalo ndi lalikulu, ukulu wa Mission ndi phindu. Ku Ndirande kapena ku Area 25 ndi mlandu ndi aneba.

Nanga zipatso zikachuluka kuposa pakamwa? Nkhuyu yakupsa siikhala. Masiku awiri kapena atatu yayamba kale kuonongeka, ngakhale mufiriji siipitirira sabata ili bwino. Apa Mission ali ndi mphatso imene mnzake alibe. Amauma bwino, ndipo ku California zipatso zake zimanyala zili mumtengo, n'kugwa zokha, alimi n'kumatola. Brown Turkey ndi wodya zaziwisi basi. Madzi ake ndi ambiri, shuga wake ndi wochepa, ndipo ukamuyanika amakonda kusasa asanaume. Kuyanika kumasintha chipatso kwambiri: pa magalamu 100 a nkhuyu yaiwisi, pafupifupi 79 ndi madzi ndipo 16 ndi shuga; ikauma madzi amatsikira cha pa 30, shuga n'kukwera kufika cha pa 48. Komabe mphatso ya Mission imafuna dzuwa. Kuyanika nkhuyu pathandala mu Febuluwale, mitambo ili yoyo, ndi kuitana chuku, ndipo chuku cha pa nkhuyu zouma chikhoza kutulutsa poizoni yemwe uja amene amabwezetsa mtedza wathu kumisika ya kunja. Maiko a ku Ulaya amayeza nkhuyu zouma zolowa kwawo pa chifukwa chomwechi. Wopanda choumitsira angachite bwino kuphika jamu, ndipo mumphika kusiyana kwa awiriwa kumachepa, ngakhale jamu wa Mission amatuluka wakuda ndi wafungo pamene wa Brown Turkey amafuna ndimu kuti adzuke. Anthu a ku Cape ali ndi njira yawo yachitatu: amathyola zipatso zoyamba zikadali zaziwisi, kuziviika m'madzi a laimu, n'kuziphika m'madzi a shuga mpaka zitawala. Pamenepo mvula kapena mbalame zimakhala zitaphonya.

Mbalamezo sizisankha kwenikweni, ngakhale kuti chipatso chakuda chimaonekera patali kuposa chofiirira chobisala m'masamba. Apumbwa masana, mileme usiku, ana a sukulu pobwerera kunyumba: onsewa amadziwa tsiku lakupsa kuposa mwini mtengo, ndipo ukonde umaletsa awiri oyambawo okha. Chiwawu cha masamba, chimene chimayamba ndi timadontho tofiirira kunsi kwa tsamba mpaka mtengo kukhala mbulanda pakati pa dzinja, chimagwira onse awiri. Masamba ogwa ayenera kuseseredwa kutali. Utomoni woyera wa onse awiri umayabwa, ndipo ukakhudza khungu dzuwa n'kuombapo umatha kuotcha mpaka matuza, choncho podulira valani malaya a manja aatali.

Tikasonkhanitsa zonsezi pa sikelo, sizikugwera mbali imodzi. Kumene chilimwe nchotentha ndi chouma, malo alipo, ndipo mwini akufuna nkhuyu imene adzaikumbukira, Mission alibe mnzake pa awiriwa. Kumene kuli chisanu, kapena malo ndi ochepa, kapena mvula imagwa pa zipatso, Brown Turkey, makamaka wa ku England wa diso locheperako, adzabereka zaka zambiri zimene Mission akadakhumudwitsa. Wobzala Mission kumalo amvula avomereze kuti zaka zina adzadya zochepa zokoma kwambiri, zaka zina adzatola zophulika. Wobzala Brown Turkey avomereze kuti adzadya chaka chilichonse, koma tsiku limene adzalawe Mission yopsera mumtengo adzadziwa chimene adasiya. Mutandipatsa mbale kuti nditolemo imodzi, nditola yakuda. Mutandipatsa khasu pa puloti ya ku Lilongwe kapena ku Chipata, ndiima kaye, ndipo mwina ndibzala yofiirira. Amene ali ndi luso la kumezanitsa akhoza kuika nthambi ya wina pa tsinde la mnzake, poti ndi mtengo umodzi ndipo amagwirana, koma ayang'anire kuti wamphamvu asaphimbe wofooka.

Mkuyu subzalidwa ndi njere ngati mukufuna mtundu womwewo. Umabzalidwa ndi nthambi. Kamtengo kokhwima konenepa ngati chala, kotalika masentimita 20 mpaka 25, kodulidwa mtengo uli m'tulo, kamamera mizu m'milungu yowerengeka m'dothi lonyowa losadikha madzi, ndipo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu mumayamba kudya. Kubweretsa nthambi kuchokera kunja kwa dziko kumafuna chilolezo cha a zaulimi ndi chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo kuzembetsa m'chikwama ndiyo njira imene tizilombo tachilendo timalowera m'minda ya anthu osalakwa. Nthawi zambiri nkosafunikanso. M'mabwalo a mishoni zakale, m'nyumba zakale za m'matauni ndi kwa anthu okonda mitengo mumapezeka mikuyu yolimidwa imene mwini wake sadziwa n'komwe dzina lake, ina yakuda, ina yofiirira, imene yapirira kale madzinja ambiri a dera lanulo. Pitani mukaione mu Januwale kapena Febuluwale mvula ili mkati, muyang'ane diso, muone ngati zipatso zaphulika, mulawe. Mtengo umene mudzaupeze ukukoma nthawi imeneyo, kaupempheni nthambi mu Julayi.